Njinga ya magetsi yolumikiza pakhomo: mpamba wonse uli m'batire

Munthu akamachoka ku Lunzu kulowera ku Lirangwe pa msewu wa M1 amadutsa pa Matindi, pomwe pali nkhokwe za mafuta za boma zoyang'aniridwa ndi NOCMA. Matanki ake ndi aakulu ndithu, komabe kuyambira 2022 akabaza a m'dera lomweli akhala akuswera pa mizere yodikira petulo, ena n'kumakagula wa m'zigubu pa mtengo woboola m'thumba. Petulo akasowa, woyamba kulira ndi wakabaza. Wachiwiri ndi mayi amene walongedza madengu a tomato m'bandakucha, chifukwa ulendo ukakwera mtengo iye alibe kokadandaula. Akachepetsa mulu makasitomala amuthawa, akausiya momwemo phindu lonse lathera pa njinga.

Mu November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, lita ya petulo inafika pa K2,530. Mu October 2025 inafika pa K3,499. Awa ndi a pa pampu. A m'zigubu aliyense amadziwa yekha zomwe analipira. N'chifukwa chake nkhani ya njinga yamoto yoyendera magetsi siyachilendonso m'makutu a anthu a pa Chileka, Lunzu ndi Lirangwe. Yatsopano yochokera kunja imafuna ndalama zomwe wamalonda wamng'ono sangazipeze pakamodzi, ndiye maso atembenukira ku njira yachidule: kutenga njinga yakale yomwe injini yake inagogoda, kuchotsa injiniyo ndi thanki, kumangirira mota ya magetsi, n'kuipatsa mphamvu ndi mabatire ochotsedwa m'galimoto.

Ganizoli si lamisala. M'maiko ambiri anthu akuyendera njinga zotere, ndipo dziko lomwe linabala William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu amene anapanga makina a mphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa, silingasowe manja olumikiza mawaya anayi. Owotcherera a ku Ndirande amapanga zovuta kuposa bokosi la batire. Koma makina a Kamkwamba ankayatsa mababu ali chiimire pamwamba pa nsanja. Njinga imathamanga pa M1 pakati pa mathiraki, batire lili pakati pa miyendo ya woyendetsa, ndipo usiku imagona m'nyumba momwe muli ana. Wamalonda amene akufuna kuikapo mpamba wake ayenera kuiwerengera ngati katundu wina aliyense wopikula, osati ngati chozizwitsa.

Masamu ake poyamba amakopa. Njinga yamoto yaing'ono ya mtundu womwe akabaza amakonda imayenda makilomita pafupifupi 40 pa lita imodzi, kutengera katundu ndi msewu. Mtunda womwewo njinga ya magetsi ya msinkhu wofanana imadya mayunitsi pafupifupi awiri a ESCOM, kuphatikizapo omwe amatayika potchaja. Woyenda makilomita 80 pa tsiku kwa masiku 26 amamwetsa malita 52 pa mwezi, omwe pa mtengo wa October 2025 wa K3,499 anali ndalama zoposa K180,000. Wa magetsi angafune mayunitsi 104. Aliyense atenge lisiti lake la mayunitsi lomaliza, aone mtengo wa yunitsi imodzi, achulukitse. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Onjezanipo kuti palibe oilo wosintha, palibe pulagi, palibe kabureta yotsuka.

Chomwe ambiri amaiwala n'chakuti batire nalo ndi mafuta, kungoti amagulidwa a zaka zingapo tsiku limodzi. Mtengo wa batire uyenera kugawidwa ndi miyezi yomwe likhalitse, ndipo chotulukacho chiwonjezeredwe pa ndalama za mayunitsi mwezi uliwonse. Batire lokhala zaka zitatu lipangitsa njinga kukhala yaphindu. Lofa pa miyezi isanu lidya mpamba wonse, ndipo ngati ndalamayo inali ya kubanki m'khonde, ngongole idzatsala njinga itaima. Apa ndi pomwe mawu akuti "batire la galimoto" amasokoneza anthu, chifukwa mabatire a galimoto alipo a mitundu itatu ndipo awiri mwa iwo sathandiza.

Loyamba ndi lija aliyense amalidziwa, la 12V lokhala ndi asidi, lomwe limalizira injini ndipo kumudzi limaimbitsa wailesi. Ili ndi lomwe limapezeka paliponse komanso motchipa, ndiye ndi lomwe lanyenga ambiri. Linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa kamphindi kochepa, injini ikalira lidzadzidwenso. Likamakhuthulidwa mpaka pansi tsiku ndi tsiku silichedwa kufa. Kulemeranso. Kuti mota ya 72V iyende pamafunika asanu ndi limodzi, lililonse makilogalamu pafupifupi 15. Ndiye kuti njinga yanyamula kale pafupifupi matumba awiri a chimanga isanakwezedwe dengu ngakhale limodzi.

Lachiwiri ndi la magalimoto ophatikiza petulo ndi magetsi monga Toyota Aqua ndi Prius, omwe akuoneka m'misewu ya Blantyre masiku ano. Makaniko akasintha batire la galimoto zotere, lakale limatsala m'galaja, ndipo sipalephera kubwera munthu wolitsatsa motchipa. M'kati mwa la Aqua muli zidutswa 20, m'la Prius wamba muli 28, chilichonse cha 7.2V. Kumva manambalawo munthu angaganize kuti wapeza chuma. Koma batire lonse la Aqua, lili latsopano, silisunga ngakhale yunitsi imodzi yathunthu, chifukwa ntchito yake ndi kungothandizira injini pokwera mtunda ndi ponyamuka. Pa njinga limenelo ndi la makilomita 20 basi, ndiye ili ndi latsopano. Lomwe mwini galimoto analichotsa chifukwa linatopa silingafikitse munthu ku Chileka kuchokera m'tauni, mtunda wa makilomita pafupifupi 16, n'kubwerera.

Lachitatu ndilo lenileni: la lithium, lochokera m'galimoto yoyendera magetsi okhaokha. Lotchuka kwa olumikiza njinga ndi la Nissan Leaf yoyamba, yomwe inatuluka mu 2010. Batire lake linali la mayunitsi 24, logawidwa m'zidutswa 48 zomwe amazitcha mamodyulo. Modyulo imodzi imaoneka ngati chitini chophwatalala cha msinkhu wa buku lalikulu, imalemera pafupifupi makilogalamu 4, imapereka mavolti pafupifupi 7.5, ndipo ili yatsopano imasunga theka la yunitsi. Asanu ndi awiri olumikizidwa motsatizana amayendetsa mota ya 48V. Khumi amayendetsa ya 72V. Khumiwo amalemera makilogalamu osakwana 40, zomwe sizisiyana kwambiri ndi injini ndi thanki yodzadza zomwe zachotsedwa.

Eni magalimoto amawachotsa mphamvu yake ikatsika, kawirikawiri ikafika cha pa magawo 7 mwa 10. Ndiye mamodyulo khumi akale osaonongeka amasunga mayunitsi atatu ndi theka. Poti batire la lithium silifuna kukhuthulidwa mpaka kutheratu, ogwiritsika ntchito ndi atatu. Amenewo ndi makilomita 60 kapena 70 pa tala, munthu ali yekha. Ndi madengu awiri kumbuyo, pa msewu wafumbi wa ku Chikuli kapena wolowera ku Chingale kuchokera pa Lirangwe, womwe anthu atopa kuudikira kuti uthe kuikidwa phula, munthu awerengere 45 kapena 50. Woyenda makilomita 80 pa tsiku ayenera kukhala ndi potchajira masana. Amene akulonjeza makilomita 150 ndi mamodyulo khumi akale akugulitsa pakamwa.

Vuto n'lakuti magalimoto a Leaf si ambiri m'misewu ya Malawi. Mamodyulo ambiri ayenera kuchokera kunja, ndipo kutumiza mabatire a lithium pa sitima kapena pa ndege kuli ndi malamulo ake okhwima omwe amakweza mtengo. Mota, kontirola yoyendetsera motayo, tchaja ndi zina zambiri zimachokera ku China, ndipo zimafuna madola omwe ngakhale makampani aakulu akuvutika kuwapeza m'mabanki. Ndiye mawu akuti "yotchipa" asamatengedwe mwachisawawa. Chotchipa ndi felemu ya njinga yakufa ndi ntchito ya wowotcherera. Zina zonse zimatsata mtengo wa dola ya pamsewu, ndipo mtengo womwe munthu wauzidwa lero sukhala womwewo katundu akamafika.

Kugula modyulo yakale kuli ngati kugula chimanga cha m'thumba losoka: kunja sikunena za anankafumbwe. Wogulitsa amatenga mita, n'kugunditsa pa mitu ya batire, n'kuonetsa nambala yokongola. Nambala imeneyo imangonena kuti batire latchajidwa, siinena kuti limasunga zochuluka bwanji. Modyulo yotheratu imathanso kuonetsa mavolti okwanira, n'kugwa pakangotha mphindi khumi ikugwira ntchito. Kuyesa kwenikweni ndi kuidzadza, kuilumikiza ku chinthu chodya magetsi odziwika kuchuluka kwake, n'kuwerenga nthawi yomwe itenge kuti itsike. Kulipo kachipangizo kochitira zimenezi, ndipo wolumikiza njinga amene alibe kachipangizoka sanakonzeke kulandira ndalama za munthu. Kuyesaku kumatenga maola angapo pa modyulo imodzi. Wogulitsa wokana kudikira akudziwa chomwe akubisa.

Mamodyulo onse khumi akhale ofanana mphamvu, makamaka ochokera m'galimoto imodzi. Polumikizana motsatizana amakoka ngati ng'ombe za pa goli limodzi: yofooka ndiyo imalamula ulendo. Modyulo imodzi yotopa imapangitsa asanu ndi anayi abwino kukhala opanda ntchito, komanso ndi yomwe imatentha msanga. Yotupa, yopindika, yochita dzimbiri pa mitu kapena yonunkha ngati mankhwala isiyidwe ngakhale atati ndi ya ulere. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo pakhale lisiti lokhala ndi dzina la wogulitsa, chifukwa mabatire a lithium amabedwanso, monga a pa nsanja za mafoni ndi a sola za m'masukulu ndi m'zipatala. Wopezeka ndi katundu wakuba amayankha yekha kupolisi, wogulitsa atasowa kalekale.

Batire lathunthu la Leaf, lisanaphwasulidwe, limakhala ndi mavolti oposa 350. Limapha pomwepo. Si ntchito ya mnyamata wokonza mafoni kapena wa mawailesi kulitsegula, ngakhale akhale waluso chotani pa ntchito yakeyo.

Tsono nkhani ya moto, yomwe ndi yofunika kuposa masamu onse aja. Batire la lithium likadzadzidwa mopyola muyeso, likabooka, kapena mawaya ake akagundana, limatentha lokha kuchokera m'kati, ndipo moto wake suzima ndi bulangete kapena ndowa imodzi ya madzi. Umatha kuoneka ngati wazima kenako n'kuyakanso, ndipo utsi wake ndi wapoizoni. Chotchinga ngoziyi ndi kabolodi kotchedwa BMS, komwe kamayang'anira chigawo chilichonse cha batire n'kudula magetsi china chikadzadza kwambiri, chikatsika kwambiri kapena chikatentha. M'galimoto kanalimo, koma mamodyulo akachotsedwa amabwera opanda mlonda ameneyu. Poti kali ndi mtengo wake komanso mawaya ake ndi ambiri, ndi chinthu choyamba chomwe wolumikiza wofuna kutchipitsa amachidumpha. Njinga imayenda bwinobwino popanda BMS, mwina miyezi ingapo, ndipo apa ndi pomwe pali msampha. Wamalonda asalipire njinga yomwe sanaonetsedwe BMS yake ndi maso, pamodzi ndi fyuzi yaikulu pafupi ndi batire ndi switchi yodulira magetsi onse.

Tchaja nayo ikhale yake yeniyeni. Mamodyulo khumi sayenera kupyola 84V, ndipo kuwalekezera pa 82V kumawatalikitsira moyo. Tchaja ya batire la asidi kapena yolumikiza ndi thiransifoma ya makina owotcherera ndi njira yachidule yopita ku maliro. Chileka ndi Lirangwe ndi malo otentha, makamaka October ndi November, ndipo mabatire a Leaf amadziwika kuti amakalamba msanga kotentha. Njinga isasiyidwe pa dzuwa tsiku lonse la msika, ndipo ikangofika kuchokera pa ulendo ipume kaye isanalowetsedwe ku magetsi. Bokosi la batire likhale lachitsulo, lothina bwino kuti mamodyulo asamagwedezeke pa mabampu, losalowa madzi nthawi ya dzinja.

Potchajira pakhale panja kapena m'kanyumba kapadera ka njerwa, kutali ndi khomo lotulukira. Izi n'zovuta kunena kwa munthu amene amagoneka njinga m'chipinda poopa akuba, koma palibe kuchitira mwina. Ndipo m'kati mwa msika, pakati pa mabenchi a matabwa, mapepala a pulasitiki ndi mabelo a kaunjika, musatchajidwe njinga yolumikiza pakhomo ngakhale tsiku limodzi. Misika ya m'dziko muno yapsapo kokwanira, ndipo ikapsa mavenda ambiri alibe inshuwalansi yoti iwabwezere kanthu. Makomiti a misika ya Lunzu, Lirangwe ndi Chileka angachite bwino kukhazikitsa lamuloli njingazi zisanachuluke, n'kupatula malo amodzi a panja pomwe wina angamalipiritse potchaja. Imeneyonso ndi bizinesi.

Pa mota pali kusankha kuwiri. Ina imakhala m'kati mwa gudumu lakumbuyo. Ndi yosavuta kumanga, ilibe tcheni, koma imalandira nkhonya zonse za msewu ndipo simvana ndi matope. Ina imakhala pomwe panali injini n'kumakoka ndi tcheni. Iyi imafuna wowotcherera wodziwa kuongola zinthu, koma imasiya gudumu lakale lomwe masipeya ake ali ponseponse, ndipo kusintha siporoketi kumaipatsa mphamvu yokwerera zitunda ndi katundu. Kwa wonyamula matumba kumidzi, yachiwiriyi ndiyo yoyenera, ya mawati 2,000 mpaka 3,000. Mabuleki akonzedwe kaye zonse zisanachitike, chifukwa njinga ya magetsi ilibe magiya othandiza kuigwira potsetsereka. Imayendanso mwakachetechete, ndiye pa msika wodzadza ngati wa Lunzu hutala ikhale yolira.

Za magetsi a ESCOM aliyense akudziwa. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo kuzima kwa magetsi kunatenga chaka ndi miyezi. Nkula ndi Tedzani zili pa Shire pafupi pomwepa, koma nyumba zambiri za m'midzi ya Blantyre zilibe waya. Wothawa mzere wa petulo akhoza kukapezeka akudikira magetsi. Sola imathandiza, koma kudzadza mayunitsi atatu kapena anayi pa tsiku kumafuna mapanelo angapo aakulu, osati kaja kotchajira foni, komanso dzuwa limawala nthawi yomwe njinga ili pa msewu. Ameneyo ndi mpamba winanso woti uwerengedwe.

Kulinso a Road Traffic. Njinga yamoto ndi njinga yamoto, kaya imwa petulo kaya magetsi: imafuna nambala, laisensi ya woyendetsa, inshuwalansi ndi chipewa. Mapepala a njinga amakhala ndi nambala ya injini, ndiye injini ikachotsedwa mapepala ndi njinga zasiyana. Safunsa anadya phula. Ndi bwino kukafunsa ku ofesi yawo ndi ku kampani ya inshuwalansi ndalama isanatuluke, osati kukazimvera pa rodibuloko, kapena ngozi itachitika kampani n'kukana kulipira poti njinga inasinthidwa iwo osadziwa.

Ndiye ndani ayenera kuyesa? Osati wakabaza amene njinga yake ndi imodzi yomweyo yodyetsa banja, ndipo osati ponyamula anthu. Pasinjala sanavomere kukhala choyesera, ndipo ku Queens kukufika kale ovulala pa njinga okwanira. Woyenera kuyamba ndi wamalonda amene ulendo wake ndi wodziwika komanso waufupi: wa grosale wokaoda ku Lunzu m'mawa uliwonse, woperekera buledi, mazira kapena mkaka m'mashopu a pa Chileka, wotuta masamba kuchokera kudimba kupita pa msewu, amene ali ndi magetsi pakhomo ndipo akhoza kupirira njinga itaima sabata imodzi. Zingakhale bwino koposa atasonkherana anthu atatu kapena anayi, kupanga imodzi, n'kumalemba m'kope makilomita ndi mayunitsi a tsiku lililonse kwa miyezi isanu ndi umodzi. Kope limenelo lidzanena zoona kuposa kanema aliyense wa pa Facebook.

Kwina anazindikira kale kuti batire ndi lolemera kuti munthu mmodzi alisenze. Ku Kigali kampani ya Ampersand, komanso Spiro m'maiko angapo a mu Africa muno, amapatsa woyendetsa njinga koma batire limakhala la kampani. Likatha amakasinthitsa ndi lodzadza pa mphindi zochepa, n'kulipira ngati akumwetsa mafuta. Boma la Rwanda linafika posiya kulembetsa njinga zatsopano za petulo zonyamula anthu mu Kigali kuyambira January 2025. Phunziro lake n'logwira: kuyesa, kutchaja ndi kusamala mabatire ndi ntchito payokha, yofuna munthu wophunzira. MUBAS ndi Soche Technical College zili mu Blantyre momwemuno. TEVETA ikanayamba kupereka satifiketi ya ntchito imeneyi, ndipo a Malawi Bureau of Standards ndi a Road Traffic akanalemba tsamba limodzi lomveka, m'Chichewa, lonena zomwe njinga yosinthidwa iyenera kukhala nazo kuti ilembetsedwe, wamalonda akanadziwa woti amukhulupirire. Kuletsa sikungathandize, anthu azipangabe kuseri kwa nyumba, opanda owaunika.

Pakadali pano, wopita kukapangitsa njinga yotere agwirizane ndi mmisiri polemba: mamodyulo angati, aliyense wayesedwa n'kupezeka ndi mphamvu yochuluka bwanji, BMS ndi tchaja za mtundu wanji, ndipo modyulo ikafa m'miyezi itatu yoyamba alipira ndani. Ndalama iperekedwe m'zigawo, chomaliza njinga itayenda ulendo weniweni ndi katundu weniweni, kuchoka pa Lirangwe kukafika ku Lunzu n'kubwerera, mita ikuonedwa ponyamuka ndi pofika. Injini yakale ija, ngati ingakonzeke, isagulitsidwe kwa a zitsulo msanga. Ikhale kaye pakona, yokutidwa ndi thumba, kufikira dzinja loyamba litadutsa.